Kamwana ka Ng'ombe Kotsala Kokha

Inu adzukulu amene mwayamba kuweta ng'ombe zamkaka, mverani, pakuti nanunso mudzasungitsa ziweto kwa abale. M'masiku a Chitaganya, kwathu kwa Zingalume, ndinalera tiana tiwiri ta ng'ombe, tomwera m'beseni limodzi, togona motsamirana. Pobwerera kusukulu ya mishoni, ndinapempha atsibweni anga kuti tianato tisalekanitsidwe. "Pita, mphwanga, wasiya m'manja mwanga," anatero. Mwezi usanathe, anakaikiza kamodzi kwa bwenzi lawo kwa Mlolo. Kotsalako kanalira mpaka kusasa mawu, nikakana msipu. Pobwera ndinapeza chikopa chokha, atachikhomera padzuwa. Amati chibale ndi fupa, sichiwola, koma sindinawasungitsenso kanthu. Inu, wina akakusungitsani chiweto, mukafuna kubweza mawu amene munalonjeza, yambani mwauza mwini wake.