Utsi umene ankaumva bambo okha

Fodya akamauma m'chigafa amatulutsa fungo lolemera, lotsekemera, limene limakakamira m'malaya mpaka kutchalitchi. Chaka chimene ndinali Sitandade 4, kwathu kufupi ndi Nsaru, fungo limenelo tonse tinkalimva. Bambo okha ndiwo ankamva lina, la utsi.

Ankasiya kusoka fodya n'kukweza mphuno. "Kodi chikupsa n'chiyani? Iwe Limbani, kuchigafa!" Ine ndinkathamanga ndi ndowa, n'kukapeza nkhuku zikupalasa, moto kulibe. Ndi mmene ndinalembedwera ntchito yozimitsa moto, ndipo ndi ntchito yokhayo imene ndinakhalitsapo, poti ngakhale kukoleji ndinachokako aphunzitsi asanaloweze dzina langa.

Amayi ankati pali wanjiru amene akuzemberera fodya wathu. Kenako bambo anayamba kudzuka ndi mutu, kusanza, ndipo tsiku lina anagwa pakhomo, miyendo ikugwedezeka. Kuchipatala chaching'ono anawayeza malungo osawapeza, koma panado anawapatsa ndithu. Ulendo wina amayi anadandaula za utsi uja, namwino n'kusiya kulemba. "Mayi, chigafa chisiyeni. Pitani nawo bambowa kuchipatala chachikulu akawajambule m'mutu."

Ku Lilongwe chithunzi chinaonetsa chotupa mu ubongo, pafupi ndi pamene munthu amamvera fungo. Madokotala ong'amba mutu anali ochepa, odwala ambiri, choncho anawatumiza ku Blantyre. Amayi anagona pakhonde la chipatala, m'mawa uliwonse n'kumafunsa za tsiku la opaleshoni, mpaka anamwino anayamba kuwapatsa moni potchula dzina. Ine ndinatsala ndi azakhali, ndi ndowa yanga.

Anabwerako fodya atagulitsidwa kale, bambo ali ndi chipsera chopindika pamwamba pa khutu. Amayi anafotokozera abale pamphasa, mawu ali pansi. "Adokotala akuti n'khansa yolusa. Ili ngati kapinga: achotsa amene amamuona, koma mizu yayanga kale. Atigulira nthawi basi."

Ine pa zonsezo ndinatolapo mawu amodzi, akuti achotsa.

Bambo anabzala nazale, anatiphunzitsa nyimbo ziwiri za m'buku, anandimeta tsitsi mokhota. Mvula yoyamba itagwa, ndinawapeza pakhonde atakweza mphuno.

"Limbani, ukuumva?"

"Ayi, bambo."

"Eti. Pitabe ukaone."

Chigafa chinali chopanda kanthu, mitengo yokhayokha ikudontha madzi. Ndinachizungulira, n'kubwerera kudzapereka lipoti monyadira kuti zonse zili bwino. Anandigwira paphewa. "Wagwira ntchito, mwanawe."

Bambo anatisiya nyengo yothyola fodya isanafike.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti chaka chonse moto unalephera chifukwa unkandiopa. Lero ndikudziwa kumene unkayaka, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lija bambo ankadziwanso. Ananditumabe, kuti pakhomopo papezeke munthu mmodzi wobwera ndi uthenga wabwino.