A Dora Mulipa ndi Munda wa ku Machinga

A Dora Mulipa anabadwa m'chaka cha 1968 m'mudzi wina wapamtunda, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pa Masambanjati. Kumeneko malo athyathyathya ndi bwalo la mpira lapasukulu lokha. Kwina konse ndi zitunda ndi makhwawa. Mu Juni ndi Julaye chiperoni chimakuta dera lonse masiku atatu kapena anayi, zovala osauma.

Agogo awo anachokera ku Mozambique, anawoloka mtsinje wa Ruo pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo abwino ali m'manja mwa azungu a tiyi, ndipo anakhala zaka zambiri pa esiteti akugwira thangata. Pambuyo pake anapatsidwa chitunda chimene ena anachikana chifukwa cha miyala. Munda unayambira pamsewu mpaka kumtsinje. Koma kuno malo amatsata ana aakazi, mwamuna amangobwera kudzakhala chikamwini. Agogowo anabereka aakazi anayi, munda unagawidwa panayi. Amayi a Dora nawo anabereka aakazi atatu. Pamene a Dora ankakwatiwa ndi a Fabiano mu 1987, gawo lawo linali mizere makumi awiri ndi nthochi zingapo m'mbali mwa khwawa.

A Fabiano ankathyola tiyi pa esiteti ina ya kufupi ndi boma la Thyolo, ndipo ankabwera kumudzi pakutha pa mwezi. Ntchitoyo inali ya m'dzinja, tiyi akamaphukira kwambiri. Mvula ikatha, ambiri ankauzidwa kuti akapume. A Dora ankalima chimanga, nandolo ndi chinangwa m'mizere yomweyo, nthochi n'kumagulitsa kwa anthu a malole ochokera ku Limbe. Ana anafika asanu. Chimanga chinkatha mu Ogasiti.

M'chaka cha 2007 kunamveka za Kudzigulira Malo, ndondomeko imene inkasamutsa mabanja opanda minda ku Thyolo ndi Mulanje kupita nawo ku Machinga ndi Mangochi. Mabanja ankapanga gulu, n'kukaona okha malowo asanasamuke. A Fabiano ankakayika, ankati munthu sasiya ntchito imene akuidziwa n'kutsata munda umene sanauone. A Dora ndi amene anakalembetsa dzina. Amayi awo sanaletse, anangofunsa ngati kumeneko kuli tchalitchi.

Ananyamuka palole mabanja khumi ndi asanu ndi atatu, ndi malata, nkhuku, mitondo ndi mbewu ya nthochi yokulunga m'masaka onyowa. Nkhumba anagulitsa asananyamuke, poti anauzidwa kuti anzawo okakhala nawo pafupi ndi Asilamu. Banja lililonse linalandira maekala asanu. A Dora amanena kuti sabata yoyamba miyendo inkawapweteka chifukwa choyenda pamalo opanda chikweza, ndipo ankasochera pobwerera kumunda poti kunalibe phiri loti aziyang'anapo.

Chaka choyamba anakolola chimanga chimene sanachionepo chibadwire. A Fabiano anamanga nkhokwe ziwiri, ndipo za tiyi sanazitchulenso. Koma madzi anali kutali, kutentha kunali kosasimbika, ndipo malungo ankagwira ana motsatizana. Nthochi zija zinauma zonse. Pomatha zaka ziwiri, mabanja asanu ndi awiri anali atabwerera ku Thyolo. A Dora anatsala. Anaphunzira kulonjera m'Chiyao, anayamba kulima mtedza, ndipo mwana wawo woyamba, Tione, anakwatiwa konko.

Mu 2013 mng'ono wawo Salome anaimba foni kuti amayi agwa pakhomo ndipo mbali imodzi ya thupi siikugwira ntchito. A Dora ananyamuka ndi kachikwama kamodzi ndi mwana wotsiriza, akuganiza kuti akakhala milungu iwiri. Atafika anapeza nyumba ya njerwa itamangidwa pakati pa mizere yawo ija. Inali ya mwana wa Salome, amene anali atangokwatiwa. Salome sanadikire kufunsidwa.

"Achemwali, inu munapita, munakapeza munda waukulu. Mwanayu ndikanamuika pati?"

A Dora anayang'ana nyumbayo, anayang'ana malire, n'kuona kuti palibedi pena pamene akanamuika. Analowa m'nyumba mwa amayi awo n'kuyamba kuwasambitsa.

Amayiwo anakhala zaka zinayi ali chigonere. Salome anali ndi geni yake pa Luchenza, mchemwali winayo anali atamwalira kale, choncho wotembenuza wodwala, kumudyetsa ndi kuchapa anali a Dora. Nthawi yomweyo matenda a chisaka anali akutha nthochi m'dera lonse. Alangizi ankayenda kuuza anthu kuti azule zonse, ndipo malole a ku Limbe anasiya kubwera.

A Fabiano anabwera kudzazonda kawiri chaka choyamba, kamodzi chaka chachiwiri. Mu 2016 anatuma ankhoswe kudzanena kuti atenga mkazi wina konko, poti munda waukulu sungalimidwe ndi munthu mmodzi. A Dora analira tsiku limenelo, kuseri kwa khitchini kuti wodwala asamve. Patapita sabata anasiyira Salome amayi aja, nakwera minibasi mpaka ku Machinga. Sanafikire kunyumba kwawo, anafikira kwa Tione, ndipo m'mawa mwake anapempha akomiti a gulu lawo kuti akhale pansi. A Fabiano anabwera atakonzeka kukangana za ukwati. A Dora za ukwati sanazikhudze.

"Mkaziyo mukhale naye," anatero. "Koma dzina limene linalembedwa pa Masambanjati ndi langa. Theka la munda likhale la Tione ndi abale ake, ndipo mudule malire lero ine ndikuona."

Akomiti, amene onse anali a lole imodzi ija, sanatsutse. A Fabiano anang'ung'udza pang'ono, kenako anatenga khasu n'kutsogola okha.

Amayi awo anamwalira mu 2017. Anthu ankayembekeza kuti sadaka ikatha a Dora abwerera ku Machinga, koma iwo anakhalabe m'nyumba ya malemuyo. Chaka chotsatira kunali kalembera wa anthu. Wolemba anali a Dixon, mphunzitsi wochokera ku Kasungu, amene anali asanazolowere zitunda za kuno. Anafika pakhomo akupuma wefuwefu, n'kufunsa kuti mudzi umenewu ukuthera pati. A Dora anawauza kuti si mudzi, ndi banja limodzi: nyumba zonse kuyambira pamsewu mpaka kumtsinje ndi za zidzukulu za mayi mmodzi. A Dixon anatha masiku awiri pachitundacho, ndipo anapeza mabanja makumi awiri ndi atatu. Atafika pofunsa a Dora ngati amakhala pompo nthawi zonse kapena angobwera kudzacheza, iwo anaganiza kanthawi, n'kunena kuti awalembe pompo.

Masiku ano a Dora amakhala m'mbali mwa msewu pa Masambanjati, kugulitsa mapeyala, nanazi ndi nandolo zimene amapikula kwa anzawo okhala ndi minda. Iwo munda alibe kuno. Chaka chilichonse mu Meyi amapita kukathandiza Tione kukolola, n'kubwerako ndi matumba anayi kapena asanu, ndipo limodzi amapatsa Salome. Akakumana ndi a Fabiano kumeneko amapatsana moni bwinobwino. Zidzukulu zawo zimalankhula Chiyao, ndipo zimaseka agogo akazidzudzula m'Chilomwe.

Chaka chatha, ali ku Machinga, Tione anawapempha kuti asabwererenso ku Thyolo, anati awamangira nyumba pafupi ndi yake. A Dora anati kumeneko amadya n'kukhuta, koma thupi lawo silinagwirizanepo ndi kutenthako, ndiye aganizabe. Anakhala milungu itatu, mpaka chimanga chonse chitatongoledwa, kenako anapempha mkamwini wawo kuti awaperekeze ndi njinga pa siteji.