Nyali za Kombi ya a Mbewe

Phokoso lake ndimalimvabe: injini yakumbuyo ikukhosomola, zitseko zikugwedera. Ndikaima pageti pantchito yanga yaulonda kuno ku The Pearl, dera la anthu olemera m'dziko lino la Aluya, magalimoto akudutsa atayatsa nyali dzuwa lili paliwombo, mtima umabwerera ku Dedza, m'chisanu cha chaka chimene amayi anadwala chifuwa.

Kombiyo inali ya a Mbewe, amakaniko oyandikana nafe. Anaigula kwa azungu oyendayenda, ndipo m'kati mwake munali bedi, kasinki ndi makatani onunkha nkhungu ndi palafini. Nyali zake zinali zachikasu, zofooka ngati koloboyi, koma masana sizinkazima. Kwathu galimoto yoyatsa nyali masana inali ya maliro basi. Anthu ankapatuka mumsewu, abambo n'kuvula zipewa. Choncho ntchito ya bedi lija ndinaidziwa popanda wondiuza.

Nyengo yonseyo m'nyumba munkanunkha bulugamu wowiritsa. Amayi ankagona pamkeka pafupi ndi mbaula, akupuma mokoka. Ine ndinkakhala pakhonde, miyendo itatuwa ndi mphepo, kudikira kombi. Ikatulukira m'chifunga ndi maso ake awiri aja, ndinkagwira mpweya mpaka itapitirira nyumba yathu.

Tsiku lina sinapitirire. Inaima pachipata pathu, injini ili chilirire. Ndinathamanga n'kukakamira chipatacho ndi manja onse.

"Tsegula, iwe," anatero bambo ali pakhomo, atanyamula bulangete. "Akudzatenga amayi ako, tikupita kuchipatala."

Sindinatsegule. Ndinayang'ana a Mbewe pawindo. "Zimitsani kaye nyali."

"Sizizima izi, mphwanga. Eni ake anazimangirira ku injini. Kwawoko kumada masana."

Anaseka, koma atandiyang'anitsitsa kuseka kunatha. Anatsika, nagwada pansi pa chiwongolero, nazula kawaya. Nyali zinathima. "Ndiye tidutse, bwana?" anafunsa motsitsa mawu. Amayi anawagoneka pabedi lija, ndipo mvula isanayambe anabwerako akuyenda okha.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndine ndinawabweza. Kukoleji ndinadziwa dzina la matendawo ndi mankhwala amene anawachiza, ndipo ndinadziseka.

Mkazi wanga Tamanda anadwala n'kumwalira kwathu m'chaka cha mliri, ndege zitaima. Lamulo linali litasintha, sindinkafunikanso chilolezo cha bwana kuti ndituluke m'dziko muno, koma panalibe chokwera. Ndinatsatira mwambo wonse wa maliro pafoni, nditakhala pabedi langa ku Fereej Bin Omran komwe timagona, anzanga a m'chipindamo atatuluka kuti andipatse malo. Mlamu wanga, amene ankajambula, analoza foni kumsewu pamene galimoto inkafika, kenako netiweki inadula.

Mwana uja amene ndinali ku Dedza ankalakwitsa pa za nyali, koma anali ndi chipata chogwira komanso munthu womupempha, ndipo munthuyo anagwada. Ine ndinali ndi zaka, maphunziro ndi pasipoti m'thumba. M'mawa mwake ndinavala masiki n'kupita kukatsegulira magalimoto.