Mafuta a Kumbuyo

Amuna anga anawatenga m'mawa, ana asukulu akusesa pabwalo. Ine ndinali mphunzitsi ku Makanjira, kwathu ku Ntcheu, Chiyao ndikungochimva patalipatali. Iwo anali ndi lole yakale yonyamulira usipa ndi utaka wouma kupita ku boma la Mangochi. Anabwera anthu atatu pa galimoto yopanda chizindikiro, n'kunena kuti pali timafunso pang'ono, abwerako posachedwa. Masiku amenewo a chipani chimodzi munthu sunkafunsa kuti mafunso anji. Pokwera galimotoyo amuna anga anacheuka, ine n'kuyesa anena za ana. Iwo anati, "Mafuta a kumbuyo musaiwale." Chitseko chinatsekedwa.

Mawu amenewa anandizunguza mutu. Mafuta ake ati? Kumbuyo kwake kuti? Ndinayamba kuganiza kuti ndi mawu okuluwika, kuti pali chimene anabisa choti ndichotse anthu aja asanabwerenso. Ndinafufuza m'kachipinda ka kuseri momwe ankasungira masipanala, osapeza kanthu koma chigubu cha mafuta olemera ngati uchi. Nditatsegula, fungo lake linali la mazira owola. Ndinati awa anawonongeka, ndipo theka lake ndinapaka mitengo ya chimbudzi kuopa chiswe.

Lole inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka nkhuku zinayamba kuikira m'kati. Kupolisi ankandiuza kuti dzina la amuna anga sakulidziwa. Anthu ambiri anasiya kundipatsa moni. Ana anafunika kudya, choncho ndinakapempha kuti azindiyendetsera loleyo bambo wina wachikulire, Myao, amene kale ankayendetsa malole m'maesiteti a fodya cha ku Katuli. Iwo sanandithawe. Anangoti, "Inshallah, aphunzitsi, tiyesa."

Ndinawafunsa za mawu aja. Anakanda ndevu.

"Thanki ya dizilo ili pambali, si kumbuyo ayi. Ife kuesiteti tinkangoyendetsa. Zam'munsizo zinali ndi eni ake."

M'mawa uliwonse ankasolola kachitsulo koyezera oyilo wa mu injini, n'kukapukuta, n'kundionetsa. Tonse tinkayesa kuti lole imamwa pakamwa pamodzi pomwepo.

Dzinja linafika. Msewu wa ku Makanjira unkadutsa mitsinje yopanda milatho, ndipo lole inkawoloka madzi akulekeza m'matayala. Posakhalitsa inayamba kulira cha pansi, kulira kopyapyala ngati mwera ukamawomba pa waya. Adalaivala akaponda moto inkalira, akachotsa phazi inkatonthola.

"Ikulira mwini wake," anatero tsiku lina.

Ndinawadzudzula kuti galimoto si munthu. Koma mumtima ndinachita mantha kuti mwina ndi malodza, mwina amuna anga anafera komwe anali.

Kenako kunabwera atcheyamani a chipani a m'dera lathu, omwe ankayang'ana kumbali tikakumana pamsika. Anaima pakhomo panga akumwetulira, nati lole inyamula amayi okavina ku boma. Kukana kunalibe. Inenso ndinavala nsalu ya chipani n'kukhala kutsogolo ndi adalaivala. Kumbuyo amayi ankaimba, pansi lole ikulira. Titaima pamtsinje wina, mayi wina amene anali ataletsa ana ake kusewera ndi anga anandipatsira chinangwa chootcha pawindo. Ndinalandira, osadziwa kuti ndithokoze kapena ndichite mantha. Pofika pa mlatho wa Shire kulira kuja kunakula mwakuti nyimbo zinatha zokha.

Ndinavina nawo monga aliyense. Magule atatha tinapita ndi lole kwa makaniko wina amene ankagwirira ntchito pansi pa mtengo. Anakwawira pansi, n'kugogoda chimutu chachitsulo chapakati pa matayala akumbuyo.

"Iyi ndi difu, mayi. Ndiyo imagawira mphamvu kumatayalaku. Munathira liti mafuta umu?"

"Mumalowanso mafuta?"

Makanikoyo anatenga sipanala. Anamasula bawuti ya pansi pake, ndipo munatuluka zinthu zotuwa ngati thobwa. Adalaivala anadumpha akulumbira.

"Wallahi, atithirira! Pali munthu watichita chipongwe!"

"Palibe munthu, achimwene," anatero makanikoyo. "Ndi madzi a m'mitsinje mwanumo. Chitsulo chikatentha n'kulowa m'madzi ozizira chimayamwa madzi. Umu mumafunika olemera, onunkha aja. Giyabokisi nayonso ili ndi ake."

Ndinakhala pansi pa tayala lakutha. Onunkha aja. Ndinakumbukira mitengo yanga ya chimbudzi, ndipo kuseka kunandibwerera pamodzi ndi misozi. Makaniko anayang'ana adalaivala ngati akufunsa kuti mayiwa ali bwinobwino.

Vuto linali lakuti m'masitolo a pa boma mafuta otero munalibe. Makaniko mnzake amene ankamvetsera anati tisakanize oyilo wa mu injini ndi girizi, malole ambiri akuyendera zomwezo. Woyamba uja anati kumeneko n'kupha galimoto. Anakangana mokweza, aliyense akundiloza ngati ine ndiye woweruza, chonsecho dzina la difu ndinali nditalimva tsiku lomwelo. Amayi anali atayamba kale kukwera, atcheyamani akuyang'ana dzuwa. Pomaliza anagwirizana monyinyirika kuti athire wa mu injini yekha, wongotifikitsa kunyumba, tiziyenda ngati tanyamula mazira.

Tinafika. M'mawa mwake ine ndi adalaivala tinayala thumba pansi pa lole. Tinakhutula za pa boma zija, n'kuthira otsala a m'chigubu kudzera m'kapayipi, iwo akugwirira, ine ndikupendeketsa, mpaka anayamba kudontha pabowo lothirira la pambali monga makaniko anatilangizira. Otsalira tinawonjezera mu giyabokisi. Adalaivala sanasiye kukhulupirira kuti pali munthu anatithirira, koma bawuti anaimanga bwino.

Kuyambira pamenepo lole ikangowoloka madzi ambiri ndinkakwawira pansi ndekha, kumasula bawuti ya pambali, kulowetsa chala n'kuyang'ana. Mafuta akatuwa tinkasintha. Ndinkatuma aliyense wopita ku Zomba kapena ku Blantyre kuti andifunire mafutawo. Ahedi anandiitana kundifunsa ngati n'koyenera kuti ana aziona mphunzitsi wawo wamkazi atagona pansi pa galimoto. Ndinawayankha kuti inenso sindikudziwa. M'zikhadabo mwanga munkanunkha mpaka kutchalitchi. Kulira kuja kunachepa koma sikunathe. Makaniko anati mano a m'kati anali atadyeka kale.

Amuna anga anabwera patadutsa madzinja awiri. Anatsika m'boti pakati pa anthu ogula nsomba, owonda, atavala malaya a munthu wina. Mwana wathu wotsiriza anabisala kumbuyo kwanga. Palibe anawauza chifukwa chimene anawatulutsira. Anati konseko ankawafunsa za munthu mmodzi, wa chipewa chofiira, amene akuti anamukweza pa lole ulendo wina. Iwo sankamukumbukira, pakuti ankakweza aliyense woimitsa.

Sanayendetsenso lole. Ankakhala pambali pa adalaivala, chete, n'kumayang'anitsitsa anthu oima m'mbali mwa msewu. Lole inatitumikira zaka zina zingapo, mpaka tinaigulitsa kwa munthu wa ku Chowe wonyamula njerwa.

Ngakhale pamenepo, nthawi zina tili pakhonde amuna anga ankayamba okha za wa chipewa chofiira uja: kodi anali uja anakwerera pa Lungwena atanyamula wailesi? Kapena uja wamtali amene anatsikira pamsika? Kenako ankatembenukira kwa ine.

"Inu simukumukumbukira?"

Ine maulendo amenewo sindinkapita nawo, ndinkakhala m'kalasi. Koma ankandiyang'ana modikira, ndiye ndinkangoti, "Mwina ndi wa wailesi uja."