Chithunzi cha pa sinowo ku Stoke

Limbani mnzanga, lero alongo ako aika pano pa intaneti chithunzi chija uli pa ma ski, timatabwa totsetserekera pa sinowo, ati, "Ankanjoya kumapiri a ku Ulaya." Ndinajambula ndine mu 1996. Sanali mapiri, kanali kachitunda ka pulasitiki ku Stoke, sinowo ya dzulo lake itayamba kusanduka matope. Jekete inali yobwereka, ndipo unali ukutsokomola kale. Unagwa, n'kudzuka ukuseka, n'kuti, "Aise, jambulira patali, kumudzi asaone kuti ndaonda."

Sanaonedi. Nditawaimbira abale ako kuti wagonekedwa m'chipatala ku Walsall, anandiyankha kuti munthu wosewera pa sinowo sangadwale chotero. Utamwalira, tinakuika m'manda tokha, ife anzako a ku yunivesite, mvula ikutimenya. Lero ndiye akudziwa kulira.