Edness ndi Mayeso a Towela

Edness Tembo anafika ku Chinyunyu atangokwatiwa kumene, kuchokera ku Katete. Mwamuna wake Silas anapatsidwa munda ndi eni nthaka kufupi ndi akasupe otentha, nayamba kulima chimanga ndi thonje. Edness ankagulitsa nthochi ndi mbatata m'mbali mwa mseu waukulu wa ku Chipata. Sanali munthu wolankhula pagulu. Ngakhale kutchalitchi ankakhala kumbuyo, ndipo azimayi anzake akayamba kukangana iye ankangonyamula dengu lake n'kusuntha.

Mwa ana ake asanu, amene anamusowetsa mtendere ndi Towela, wachitatu. Ali mu Giredi 4 mwanayo anadwala malungo aakulu. Anachira, koma makutu anatsekeka. Lakumanja linaferatu, lakumanzere linkamva pokhapokha munthu akafuula pafupi. Towela anazolowera kuyang'ana milomo ya anthu. M'kalasi ankakhala kutsogolo, maso ali pakamwa pa mphunzitsi, koma mphunzitsiyo akatembenukira kubolodi uku akulankhula, zonse zinkamupita.

Masiku amenewo sukulu yawo inali pamoto. Ana ochepa okha ndi amene ankasankhidwa kupita ku Giredi 8, ndipo kunkamveka kuti pamsonkhano wa kuboma masukulu ankatchulidwa kuyambira yochita bwino mpaka yotsiriza, mahedi onse ali pomwepo. Yawo inali kumapeto. Anthu ankanong'ona kuti ikadzatsalanso, ahedi, ba Kingsford Sakala, adzatsitsidwa udindo n'kutumizidwa kuchigwa kumene basi sifika.

Towela atamaliza Giredi 6, ba Sakala anati abwereze kuti akhwime. Edness anavomera, poganiza kuti aphunzitsi ndiwo adziwa. Koma kumapeto kwa 1994 mwanayo anabwera kunyumba nkhope ili yotupa ndi kulira. Kusukulu anali atamuuzanso kuti abwereze. Apa n'kuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Silas sanaone chovuta. Anati mwana wakula, akhale pakhomo, ndipo anatchulanso mnyamata wina wowotcha makala amene anali atayamba kufunsafunsa za iye.

M'mawa mwake Edness anapita kuofesi ya ahedi. Ba Sakala anamupatsa mpando, nafotokoza modekha kuti mayeso a Giredi 7 ndi othamanga, oyang'anira amachokera kwina ndipo sadikira munthu. Edness anafunsa ngati Towela ndiye wotsiriza m'kalasi. Iwo anayang'ana pawindo kaye.

"Amayi, ndikuuzeni zoona. Mwana aliyense wolemba n'kulephera amatikokera pansi tonse. Nanenso ndili ndi ana."

"Ndamva, ba hedi. Koma wanga adzabwereza mpaka liti?"

Ba Sakala anangoti nkhaniyo ikakambidwe pamsonkhano wa makolo, sukulu zikatsegulidwa.

Msonkhanowo unachitika mu Januwale, m'kalasi yodontha. Ba Fyson, wapampando wa makolo, ananena mosabisa kuti ana a anthu ena asavutike chifukwa cha mwana mmodzi, ndipo kuti ogontha ali ndi masukulu awo m'tauni. Ambiri anagwedeza mitu. Edness anaimirira kuti alankhule. Wina kumbuyo anaseka. Chimene anakwanitsa ndi kupempha kuti ba Estina, amene anaphunzitsa Towela zaka ziwiri, anene mmene mwanayo amachitira.

Ba Estina anali mphunzitsi wamng'ono, wosakhazikika pantchito. Anayang'ana ahedi, nayang'ana pansi. Kenaka anati pamasamu Towela ali pakati, pa Chingelezi amatsalira, ndipo sangalonjeze kuti adzakhoza. Anakhala pansi msangamsanga. Msonkhano unatha popanda chigamulo, anthu akuthamangira mvula.

Lolemba Edness sanapite kumseu. Anagwira Towela padzanja, nalowa naye m'kalasi ya Giredi 7 ana onse akuona, namukhazika pa desiki yakutsogolo. Mphunzitsi wa kalasiyo anati dzina la mwanayo alibe.

"Amene afuna kumuchotsa abwere amunyamule ine ndikuona," anatero Edness. "Ndili panja apa."

Anakakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi khomo. Ba Sakala anatuluka muofesi, naima pakhonde nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Edness sanawerame. Ahedi anabwerera mkati. Mawa lake zinali chimodzimodzi, ndi mkucha womwe. Nthochi zake zinapsa n'kuwolera m'nyumba, Silas anasiya kumulankhula, ndipo odutsa ankamulozerana. Sabata yachiwiri ili mkati, ba Sakala anamuitana n'kumuuza mwachidule kuti mwana alembetsedwa, iye abwerere ku ntchito zake.

Mayeso anafika kumapeto kwa chaka. Papepala loyamba woyang'anira, ali chiimire kumbuyo kwa kalasi, analamula kuti ana ayambe. Towela anakhala akudikira, pensulo ili m'manja, mpaka anaona kuti mnzake wa pambali wafika kale patali. Sanamalize pepalalo. Masana ba Estina anakalankhula ndi woyang'anirayo, ndipo pa mapepala otsalawo iye ankabwera kudzagogoda pa desiki ya Towela nthawi yoyamba ikakwana.

Zotsatira zitatuluka, Towela sanasankhidwe. Anali pakati, pamodzi ndi ana ambiri akumva bwinobwino amenenso anatsala. Sukulu inakwera pang'ono chabe, ndipo ba Sakala anakhalabe pamalo pawo. Komabe panali makolo ena amene kwa nthawi yaitali ankadutsa dengu la Edness n'kukagula kwa wina.

Satifiketi yomaliza Giredi 7 imene Towela analandira inathandiza chaka chotsatira. Mlongo wake wa Edness, amene ankagwira ntchito ku Lusaka, anapeza malo ophunzitsa kusoka amene ankalandira atsikana omaliza pulayimale. Silas anang'ung'udza masabata angapo, koma tsiku la ulendo ndiye ananyamula chikwama n'kukwera naye minibasi, chifukwa ankaopa kuti kondakitala akafuula dzina la siteshoni mwanayo samva. Edness anawaperekeza mpaka pamseu, kenaka anapita kukapalira thonje, popeza udzu unali utakula kale.