Diresi Yofiira pa Khoma Lobiriwira

Mukafuna kuona munthu akupsa mtima ku Kafue Estates, tchulani penti wobiriwira pamaso pa ba Lighton Miti. Papita zaka, koma mpaka lero amalavula.

Ba Lighton anachoka ku Katete atamva kuti ku Kafue mafakitale akumera ngati bowa. Ntchito anaipeza ku fakitale ya nsalu, yosakaniza utoto wa zitenge, ndipo zala zawo sizinayerenso. Koma diso anali nalo, abale. Muwaonetse nsalu ziwiri zofiira zimene inu mukuti n'zofanana, akuuzani kuti iyi ndi ya tomato, iyo ndi ya nyama yogona.

Loweruka masana ankaonetsa mafilimu ku holo ya antchito, mawindo atatsekedwa ndi masaka. Nsalu yoonetserapo kunalibe. Ankaunikira pakhoma, ndipo khomalo ankalipaka okha laimu mwezi ndi mwezi. Anthu ankadzera mafilimu a zibakera. Ba Lighton ankakonda mafilimu a nyimbo, koma nkhani yake analibe nayo ntchito. Wakwatira ndani, wafa ndani, kaya! Chawo chinali kuona kumene kuwala kukuchokera ndi mmene wojambula akuyendetsera kamera.

Inalipo filimu ina ya ku India imene anaionera ku Lusaka, n'kutopetsa nayo akazi awo, ba Mainess, zaka ziwiri zathunthu. Akuti mtsikana wa diresi yofiira akuimba pakati pa munda wa maluwa achikasu. Kamera ikumuzungulira pang'onopang'ono, kenaka ikwera ngati ndeke mpaka ovina onse asanduka maluwa a pachitenge, pakati kadontho kofiira. Kufiira kumeneko anakuyesa kufakitale kambirimbiri, osatheka.

Kenaka maso a ba Mainess anayamba kuchita chifunga. Dokotala ku Lusaka sanabise: mdima ukubwera, mankhwala palibe. Ba Lighton analemba makalata, anapempha, anachonderera, mpaka eni mafilimu analola. Filimu ibwera Loweruka limodzi lokha, mu Okutobala wa 1974, ndipo ikangotha galimoto ibwerera nayo. Ba Lighton ankafuna chinthu chimodzi basi, kuti akazi awowo, amake Peggy, aone kufiira kuja mdima usanawatsekere.

Lachisanu anapaka laimu kawiri. Loweruka atalowa m'holo ndi mabokosi a filimu, fungo linawamenya pakhomo pomwe. Khoma lonse lobiriwira! Penti wa mafuta, wonyezimira, wosauma. Pambali ataima ba Morris, wapampando wa komiti ya holo, munthu wa mimba patsogolo nzeru pambuyo, akumwetulira ngati wapha njovu.

"Ba Morris, mwaichita chani khoma yanga?"

"Yanu shani? Ni ya komiti. Zaka teni za ufulu, manje mufuna alendo akapeze holo yoyera monga chipatala?"

Ba Lighton anafotokoza ngati akuphunzitsa mwana kuti kufiira kukagwera pobiriwira kumafa. Ba Morris anaseka, ati filimu ndi filimu, bola anthu akuyenda ndipo nyimbo zikumveka. Laimu pa penti wosauma sagwira. Ba Lighton atapempha kuti apachike nsalu zoyera za pabedi, bamboyo anatutumula chifuwa: msomali pakhoma la ufulu ayi, ndipo munthu wophimba mtundu wa mbendera akamunenera kwa akuluakulu. Masiku amenewo mawu otere ankachotsetsa munthu ntchito, ndi nyumba yomwe. Ba Lighton anangonyamula mabokosi aja n'kukakonza makina. Chitsiru chokhala ndi mpando n'choopsa kuposa njoka, ndikukuuzani ine.

Anthu anadzaza. Ba Mainess anakhala pabenchi yakutsogolo atavala chitenge chawo cha kutchalitchi. Makina atayamba kulira, ba Lighton anafuna kulira nawo. Nkhope za oimba zinali ngati za achule. Maluwa achikasu aja anasanduka ndiwo zogona. Ndipo nyimbo ija itafika, mtsikana anatulukira atavala diresi yakuda bii, ngati akupita kumaliro. Kamera inazungulira, inakwera, koma kukwera ndi chiyani, matope okhaokha. Anthu, opanda manyazi, anaomba m'manja.

Ba Lighton anasiya makina akuyenda okha, n'kukanjuta pambali pa akazi awo kuti apepese. Asanatsegule pakamwa, ba Mainess anawagwira dzanja mwamphamvu.

"Batate ba Peggy, simunaname. Kufiira kwake! Monga mwamene munakambira."

Ba Lighton anayang'ana pakhoma. Diresi yakuda. Anayang'ana akazi awo, n'kuona kuti nkhope yaloza kumbali, ku bokosi lotulutsa mawu. Apo m'pamene anadziwa kuti mdima unafika kale, mayiyo ankangowabisira.

"Ee, amake Peggy, ni kwamene uko," anayankha.

Kuyambira tsiku limenelo makina aja sanawakhudzenso. Sanaperekenso moni kwa ba Morris, ngakhale pamaliro a anthu. Ntchito ya utoto anaigwira mpaka kupuma, ndipo ba Mainess anawatsogolera ndi dzanja zaka zonse, kumsika ndi kutchalitchi komwe.

Ena amati akuwonjeza, popeza ngakhale khoma likanayera mayiyo sakanaona kanthu. Mukawauza zimenezo ba Lighton amakuyang'anani ngati inunso mwagwira burashi.

"Nidziwa. Koma khoma ikanakhala yoyera, sembe mpaka lero nikhulupirira kuti anaona."